Kodi luso limabadwira m'masautso? Zomwe matenda a maganizo amapatsa waluso ndi zomwe amamulanda

Mu May 1889, wojambula zithunzi wa ku Netherlands Vincent van Gogh anavomera yekha kugonekedwa m'chipatala cha odwala maganizo ku Saint-Rémy, kum'mwera kwa France. Anakhalamo chaka chathunthu, ndipo pomwe ankatuluka n'kuti atajambula zithunzi pafupifupi 150. Anthu akamva chiwerengerochi sachedwa kugamula kuti matenda ndiwo ankayendetsa burashi. Makalata omwe ankalembera mng'ono wake Theo akunena zina. Matendawo ankabwera n'kupita, ndipo akamugwira mwamphamvu sankatha kujambula, ngakhale kalata yeniyeniyo inkamukanika. Panali nthawi yomwe anayamba kudya utoto mpaka omusamalira anamulanda. Kuchokera kumapeto kwa February 1890 anadwala pafupifupi miyezi iwiri, ndipo chomwe anakwanitsa ndi tizithunzi tochepa tojambula pokumbukira kwawo ku Netherlands. Zithunzi zomwe dziko limagoma nazo lero anazijambula m'masabata omwe mutu unali utakhazikika, ndi dzanja lomwe linakhala likuphunzira ntchitoyi tsiku ndi tsiku kuyambira mu 1880.

N'zoona kuti masautso ndi matenda a maganizo zimakhudza luso, ndipo zimalikhudza kwambiri, koma osati m'njira yomwe anthu amakonda kuikamba. Pali zinthu zitatu zomwe timaziponya m'thumba limodzi pomwe n'zosiyana. Masautso, monga imfa ya wokondedwa, ngozi kapena kusalidwa, amapatsa munthu nkhani ndi khumbo loti aitulutse. Chibadwa chomwe chimayandikana ndi matenda ena chimapatsa munthu maganizo othamanga, otha kulumikiza zinthu zotalikirana. Matenda enieniwo akafika pachimake amalanda zida zogwirira ntchito: tulo, chidwi, kukumbukira, nzeru yosiyanitsa chabwino ndi chachabechabe, ndipo nthawi zina moyo umene. Wosasiyanitsa zitatuzi amafika pokhulupirira kuti akachira luso limuthawa, ndipo chikhulupiriro chimenechi chavulaza anthu ambiri.

Zomwe owerengera anapeza

Ganizo loti luso ndi kudwala maganizo ndi pachibale si la dzulo. Zaka zoposa 2,000 zapitazo Agiriki ankafunsa kale chifukwa chomwe alakatuli ndi anthu a nzeru zakuya ambiri amakhalira ndwii, ndipo ankati vuto ndi ndulu yakuda yochuluka m'thupi. Nafenso timati wamisala adaona nkhondo, kutanthauza kuti yemwe onse amamunyoza ndiye anaona zomwe ena sanazione. Mwambiwu uli ndi choonadi chake. Msampha wake ndi woti timakumbukira mmodzi yemwe anaona nkhondoyo, n'kuiwala mazanamazana omwe matenda anangowazunza osawapatsa ndakatulo ngakhale imodzi, komanso aluso ochuluka omwe anakhala moyo wabata mpaka kukalamba. Mbiri ya woyimba yemwe amagona nthawi yake ndi kulipira ngongole zake palibe amaigula.

Tisanapite patali timvane mayina. Matenda ovutika maganizo, omwe kuchipatala amati depression, ndi pomwe munthu amakhala wokhumudwa kapena wosasangalatsidwa ndi chilichonse pafupifupi tsiku lonse kwa masabata osachepera awiri, pamodzi ndi zizindikiro zina monga kusokonekera kwa tulo ndi kadyedwe, kufooka, kudziona wopanda pake ndi kuganiza za imfa. Matenda a bipolar ndi pomwe kutsika koteroko kumasinthana ndi nyengo za kukwera kopitirira muyezo. Matenda a schizophrenia ndi ena: munthu amamva mawu omwe ena sakuwamva, amakhulupirira zinthu zopanda umboni, ndipo maganizo ake amamwazika.

Mu 1987 dokotala Nancy Andreasen anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa alembi 30 a pa sukulu yotchuka ya zolembalemba ya pa yunivesite ya Iowa ku America. Anawayerekeza ndi anthu ena 30 a maphunziro ofanana koma omwe sanali alembi. Mwa alembiwo, 80 peresenti anali atadwalapo matenda ovutika maganizo kapena bipolar, pomwe m'gulu linalo anali 30 peresenti. Pa bipolar pokha, alembi anali 43 peresenti ndipo enawo 10 peresenti. Patatha zaka ziwiri Kay Redfield Jamison anafunsa alembi ndi ojambula otchuka 47 a ku Britain, n'kupeza kuti 38 peresenti analandirapo chithandizo cha matenda a mtundu womwewu.

Ziwerengero izi zimabwerezedwa paliponse, koma n'zoyenera kuzigwira ndi manja awiri. Pa gulu la anthu 30, munthu mmodzi yekha ndi 3 peresenti, choncho atatu akasintha yankho chithunzi chonse chimasuntha. Andreasen ankafunsa mafunsowo yekha akudziwa kuti uyu ndi mlembi, uyu si mlembi, ndipo wofunsa akamayembekezera chinthu amachipeza mosavuta. Jamison analibe gulu loyerekezera nalo. Kafukufuku winanso yemwe amadalira mabuku a mbiri ya anthu otchuka ali ndi chilema chake: wolemba mbiri amafukula usiku uliwonse womwe mlakatuli analira, pomwe za usiku wa kalaliki wa m'banki palibe anazilemba.

Yankho lolimba linachokera ku Sweden, komwe kuli kaundula wa dziko lonse wosonyeza matenda omwe munthu analandirira chithandizo, ntchito yake ndi achibale ake. Simon Kyaga ndi anzake a ku Karolinska Institutet anaunika odwala pafupifupi 1.2 miliyoni pamodzi ndi abale awo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2013. Anthu a ntchito za luso onse pamodzi sanapezeke odwala kuposa anthu ena, kupatula pa matenda amodzi, a bipolar. Alembi okha ndiwo anaoneka osiyana: anali ndi chiopsezo chokwera cha bipolar, schizophrenia, kuvutika maganizo, nkhawa ndi kumwerekera ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndipo chiopsezo chawo cha kudzipha chinali chokwera ndi pafupifupi theka kuyerekeza ndi anthu ena.

Chachikulu koposa chinali kwa achibale. Makolo, ana ndi abale a mimba imodzi a odwala schizophrenia ndi bipolar, omwe iwo eni sanadwale, ankapezeka kwambiri m'ntchito za luso. Zimenezi zinatsimikizira zomwe Ruth Richards ndi Dennis Kinney anaona mu 1988 pofufuza mabanja a ku Denmark: luso linali lokwera mwa achibale athanzi ndi mwa omwe ali ndi kusinthasintha kofatsa, kuposa mwa odwala bipolar yeniyeni. Taganizirani phiri. Chibadwachi chikakhala chochepa, munthu ali m'tsinde. Chikawonjezeka, akukwera. Chikapyola n'kusanduka matenda aakulu, watsikira kuseri. Ku Iceland mu 2015 anayeza majini (tizinthu ta chibadwa tomwe munthu amatengera kwa makolo) a anthu oposa 86,000, ndipo anapeza kuti omwe ali m'mabungwe a oyimba, ojambula, ovina, ochita zisudzo ndi alembi anali ndi majini okhudzana ndi matenda awiriwa ochulukirapo pang'ono. Mawu oti pang'ono ndi ofunika: majiniwo anafotokoza gawo losafika ngakhale peresenti imodzi la kusiyana pakati pa aluso ndi ena. Ubale ulipo, koma ndi kaulusi, si chingwe.

Sefa ya ubongo, kukolola ndi kupeta

Kodi chibadwachi chimagwira ntchito bwanji? Ubongo uli ndi sefa. Mukakhala m'chipinda momwe wotchi ikugunda, pakapita mphindi zochepa simuimvanso, chifukwa ubongo wagamula kuti phokosolo lilibe ntchito. Akatswiri amatcha zimenezi latent inhibition. Mwa anthu ena sefayi ili ndi mabowo aakulu, moti zomwe ena anazitaya kale, iwo zimawafikabe: kamvekedwe ka mawu a munthu wodutsa, mtundu wa mthunzi, liwu lomwe likufanana ndi lina. Sefa yotereyi imapezeka mwa anthu omwe matenda a schizophrenia angowayamba. Mu 2003 Shelley Carson wa ku Harvard anaipezanso mwa ophunzira omwe anali atachita kale zazikulu pa luso ali achichepere. Gulu lake linali laling'ono, koma mfundo yake ndi yomveka: kusiyana kuli pa zomwe munthu amatha kuchita ndi zomwe zadutsa pa sefayo. Wokhala ndi nzeru zakuthwa ndi mphamvu yosunga zinthu zingapo m'mutu nthawi imodzi amazisanja n'kupangamo chatsopano. Wopanda chitetezo chimenechi, kapena yemwe matenda amufooketsa, amangomira nazo.

Apa m'pofunika kumvetsa kuti ntchito iliyonse ya luso ili ndi magawo awiri. Loyamba ndi kukolola: kutulutsa maganizo ambiri, mizere, nyimbo, zojambula zoyeserera. Lachiwiri ndi kupeta: kutaya mankhusu, kukonza, kubwereza, kumaliza. Gawo lachiwirili ndilo limadya nthawi yambiri, ndipo ndi lomwe matenda amayamba kuligwetsa.

Onani za kukwera kwa bipolar. Pali kukwera kofatsa, hypomania, komwe kumatenga masiku osachepera anayi: munthu amagona maola atatu kapena anayi n'kudzuka wamphamvu, mawu amabwera okha, manyazi amachoka, amadzidalira. Pa kukolola, imeneyi ndi nyengo ya zokolola zochuluka, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaikonda. Kukwera kwakukulu, mania, kumatenga sabata kapena kuposa, kapena kumafikitsa munthu m'chipatala. Pamenepo maganizo amathamanga kuposa dzanja, ntchito khumi zimayambidwa osamaliza ndi imodzi yomwe, ndalama zimamwazidwa, ndipo chilichonse chomwe munthu walemba amachiona ngati chodabwitsa. Wopeta uja wagona.

Wopeka nyimbo wa ku Germany Robert Schumann ndiye chitsanzo chomwe chinayezedwa bwino. Mu 1840 yokha anapeka nyimbo zoyimba ndi mawu zoposa 120, ndipo 1849 chinalinso chaka cha zokolola zosaneneka. Mu 1844, atatsika kwambiri, sanatulutse chilichonse chooneka. Mu 1854 anayesa kudzipha, anagonekedwa m'chipatala cha odwala maganizo ku Endenich pafupi ndi Bonn, ndipo anamwalira komweko mu 1856. Mu 1994 katswiri wa za maganizo Robert Weisberg anafunsa funso lomwe ena sanalifunse: kodi nyimbo za zaka zokwera zinali zabwino kuposa zina? Anayeza powerenga kuti nyimbo iliyonse yajambulidwa kangati ndi oyimba a m'mbuyo mwake. Anapeza kuti kukwera kunachulukitsa nyimbo, koma sikunakweze ubwino wa nyimbo iliyonse payokha. Zabwino zinachuluka chifukwa zonse zinachuluka.

Mtengo wake ndi wowawa. Kafukufuku yemwe anatsatira odwala bipolar kwa zaka zoposa khumi anapeza kuti masabata omwe amakhala otsika amaposa katatu masabata omwe amakhala okwera, ndipo kwa omwe amangofika pa kukwera kofatsa kusiyanako n'kwakukulu koposa. Munthu amalipira miyezi ya mdima pogula masiku ochepa a moto.

Nanga kuvutika maganizo? Pamene kwamugwira munthu, sikuthandiza luso m'pang'ono pomwe. Kuganiza kumachedwa, chiganizo chimodzi chimatenga ola, ndipo zonse zomwe munthu wapanga amaziona zonyansa, moti ena amang'amba ntchito ya zaka. Mu 2008 Matthijs Baas ndi anzake atasonkhanitsa kafukufuku wa zaka 25 anapeza kuti chomwe chimatsegula maganizo atsopano kwambiri ndi chisangalalo chopatsa mphamvu, pomwe chisoni chofooketsa sichinaonetse phindu. Komabe pali ulusi wina wolumikiza ziwirizi, womwe ndi chizolowezi chobzikula maganizo monga ng'ombe imachitira ndi udzu. Munthu wobzikula amabwerera pa chinthu chimodzi kambirimbiri: chifukwa chiyani ananena mawu aja, ndinamva chiyani, zikanatha mwina bwanji. Paul Verhaeghen ndi anzake anasonyeza mu 2005 kuti chizolowezichi ndicho chimayendera limodzi ndi zonse ziwiri, kuvutika maganizo ndi chidwi cha luso. Sikuti chimodzi chimabala chinzake. Zonse zimamera pa muzu umodzi. N'kutheka kuti ichi ndi chifukwa china chomwe alembi amaonekera osiyana m'kaundula wa ku Sweden, pakuti ntchito yawo ndi kubzikula komweko, ali okhaokha, kwa miyezi.

Bala likhale chipsera kaye

Masautso ndi nkhani ina, ndipo apa m'pomwe chikhulupiriro chakale chili ndi mphamvu. Wojambula zithunzi Edvard Munch wa ku Norway anataya mayi ake ndi chifuwa chachikulu mu 1868 ali ndi zaka 5, kenako mlongo wake Sophie ndi nthenda yomweyo mu 1877. Chithunzi cha mtsikana wodwala ali pa mpando, mayi wina atazolika pambali pake, anachiyamba mu 1885, patatha zaka 8 chimwalirire Sophie. Anachivutikira pafupifupi chaka, kupaka utoto, kupala, kupakanso, ndipo anabwereza kuchijambula kasanu ndi kamodzi m'zaka 40. Frida Kahlo wa ku Mexico anachita ngozi ya basi mu September 1925 ali ndi zaka 18, nathyoka msana, chiuno ndi mwendo. Ali chigonere, anamuikira kalilole pamwamba pa bedi ndi chogwirizira chojambulira, ndipo anayamba kudzijambula yekha. Koma anali ataphunzira kale kujambula, ndipo ankathandiza bambo ake, omwe anali wojambula zithunzi ndi kamera. Mlembi Bessie Head anabadwira m'chipatala cha odwala maganizo ku Pietermaritzburg, ku South Africa, mu 1937, komwe mayi ake anatsekeredwa. Anasamukira ku Botswana mu 1964, anagonekedwa m'chipatala cha odwala maganizo ku Lobatse mu 1971, ndipo atatuluka analemba buku lofotokoza kusweka kwa maganizo kuchokera m'kati, lomwe linasindikizidwa mu 1973. Pomwe ankadwala n'kuti ali kale mtolankhani wakale ndi mlembi wa mabuku awiri.

Mwa atatu onsewa muli zinthu ziwiri zofanana. Luso linalipo kale kapena linkamangidwa padera, ndipo panadutsa nthawi pakati pa kupweteka ndi kupanga. Masautso anasankha mutu wa nkhani, anapereka tsatanetsatane yemwe wongomva sangamudziwe, monga kulemera kwa mutu wa wodwala pa pilo, ndipo anapereka chifukwa chobwerera ku ntchito yomweyo kwa zaka 40. Sanapereke dzanja. Katswiri wa zachuma Kathryn Graddy anaunika zithunzi zikwizikwi za ojambula otchuka a ku France ndi America, n'kupeza kuti zomwe zinajambulidwa m'chaka chotsatira imfa ya wachibale kapena bwenzi zimagulidwa motsika mtengo, ndipo sizipezeka kawirikawiri m'nyumba zikuluzikulu zosungira zojambula. Mtengo si muyezo wokwanira wa ubwino, koma uthengawo ukugwirizana ndi zomwe aluso ambiri amadziwa: bala la magazi silijambulika bwino.

Pali njira yoyesedwa yosandutsira kupweteka kukhala mawu. Katswiri wa za maganizo James Pennebaker anaiyamba mu 1986: munthu amalemba kwa mphindi 15 mpaka 20 pa tsiku, masiku atatu kapena anayi otsatizana, za chinthu chomwe chinamupweteka kwambiri, osasamala za kalembedwe, osaonetsa aliyense. Akangomaliza ambiri amamva chisoni chowonjezereka kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo zimenezo si chizindikiro choti zalakwika. M'miyezi yotsatira, olemba motere ankapita kuchipatala mocheperapo kusiyana ndi omwe analemba za zinthu wamba. Phindu lake ndi lochepa ndipo silifanana kwa onse, koma chomwe chimasiyanitsa opindula ndi osapindula n'chophunzitsa. Opindula ndi omwe nkhani yawo inkasintha tsiku ndi tsiku, mawu monga "chifukwa" ndi "ndazindikira" akuchuluka, nthawi zina akuyang'ana chochitikacho ndi maso a munthu wina. Wobwereza dandaulo lomwelo m'mawu omwewo masiku onse anayi sanapite patali. Mu 2001 Pennebaker ndi Shannon Stirman anayerekeza ndakatulo pafupifupi 300 za alakatuli 9 omwe anadzipha ndi 9 omwe sanadziphe, ndipo oyambawo ankagwiritsa ntchito kwambiri mawu onena za iwo eni okha, ochepa onena za "ife". Kulemba kumachiritsa pomwe kukupatsa chisoni mutu, pakati ndi mathero. Pomwe kukungozungulira pamalo amodzi, kumakumba dzenje lomwelo.

Nthawi zina ntchitoyo ndiyo imadwalitsa

Funso limafunsidwa ngati muvi umaloza mbali imodzi, kuchoka ku matenda kupita ku luso. Umalozanso kwina. Woyimba amagwira ntchito usiku, m'malo omwe mowa uli ponseponse, ndalama zimabwera mwa apo ndi apo, amakanidwa kambirimbiri, ndipo chomwe chikuweruzidwa pagulu ndi mtima wake weniweni. Mu 2016 ofufuza a pa yunivesite ya Westminster anafunsa anthu oposa 2,200 a ntchito ya nyimbo ku Britain: 71 peresenti anati anavutikapo ndi nkhawa yaikulu, ndipo pafupifupi 69 peresenti anati anavutikapo maganizo. Oyankhawo anadzipereka okha, choncho ziwerengerozi mwina n'zokwererapo, koma zomwe ankadandaula sizinali nyimbo. Zinali kagwiridwe ka ntchito. Ngakhale nthano yoti oyimba otchuka amafa ali ndi zaka 27 inayezedwa mu 2011 pa oyimba 1,046: pa 27 panalibe chachilendo, koma chiopsezo cha imfa m'zaka zonse za m'ma 20 ndi 30 chinali chowirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi anthu wamba.

Za mowa ndi chamba tinene mosabisa. Zimagonetsa wopeta, choncho munthu amamva ngati zomwe akupanga n'zapamwamba, pomwe kwa womvera wosaledzera sizinasinthe. Mowa umadula tulo ta m'bandakucha ndipo umakulitsa kuvutika maganizo. Kafukufuku wa m'mizinda ingapo ya ku Ulaya ndi ku Brazil wa mu 2019 anapeza kuti osuta chamba tsiku ndi tsiku anali ndi chiopsezo chowirikiza katatu cha kusokonekera mutu koyamba, ndipo pa chamba champhamvu kwambiri pafupifupi kasanu. Kwa munthu yemwe m'banja mwake muli schizophrenia kapena bipolar, yemwenso ndi amene tanena kuti amapezeka kwambiri m'ntchito za luso, uku ndi kusewera ndi moto pafupi ndi udzu wouma.

Kodi mankhwala amapha luso?

Mantha awa ndi enieni ndipo sayenera kunyozedwa. Mu 1979 dokotala wa ku Denmark Mogens Schou anafunsa aluso 24 omwe ankamwa mankhwala otchedwa lithium chifukwa cha bipolar. Mwa iwo 12 anati ntchito yawo yachuluka, 6 anati sinasinthe, 6 anati yatsika. Atatu mwa anayi aliwonse sanataye kanthu, koma mmodzi mwa anayi anataya, ndipo dandaulo lakelo ndi loyenera kulimva. Munch uja atasweka maganizo mu 1908 anakhala miyezi 8 m'chipatala ku Copenhagen, anachepetsa kwambiri mowa, ndipo anajambula kwa zaka zina 35 mpaka imfa yake mu 1944, kuphatikizapo zithunzi zikuluzikulu za m'holo ya yunivesite ya Oslo. Ena amati ntchito zake za pambuyo pake zilibe ukali wa zoyamba, ndipo pamenepo anthu angatsutsane. Zomwe sizingatsutsidwe n'zoti zilipo. Yayoi Kusama wa ku Japan, yemwe madontho a m'zojambula zake anayamba kuwaona m'masomphenya ali mwana, wakhala mwa kufuna kwake m'chipatala cha ku Tokyo kuyambira mu 1977, akugwira ntchito m'nyumba yojambulira yapafupi, ndipo kutchuka kwake kwakukulu kwadza m'zaka zimenezi.

Nthawi zambiri chomwe chimatchedwa kufa kwa luso ndi vuto la mlingo kapena la mtundu wa mankhwala, ndipo limakonzeka. Lithium amagwira ntchito pa mpata wopapatiza: m'magazi amafunika kukhala pakati pa 0.6 ndi 1.0 mmol pa lita, magaziwo atatengedwa patatha maola 12 chimwereni, ndipo akapyola 1.5 amasanduka poizoni. Kutsekula m'mimba, kusanza, kutuluka thukuta kwambiri pa siteji, ndiponso mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac zimakweza mlingowo mosayembekezereka. Impso ndi chithokomiro ziyenera kuyezedwa miyezi 6 iliyonse, ndipo apa pali chinsinsi chomwe ambiri sachidziwa: lithium amatha kufooketsa chithokomiro, ndipo chithokomiro chofooka chimabweretsa ulesi wa maganizo womwe munthu amauyesa kutha kwa luso. Kunjenjemera kwa manja, komwe kwa wojambula kapena woyimba gitala ndi nkhani yaikulu, kumachepa dokotala akatsitsa mlingo pang'ono kapena akawonjezera mankhwala ena otchedwa propranolol. Mankhwala a kuvutika maganizo amatenga masabata awiri mpaka 6 kuti ayambe kuoneka, ndipo kwa ena amaziziritsa mtima moti salira komanso sasangalala. Zikatero pali ena oti n'kusinthira. Kwa wodwala bipolar, mankhwala amenewa akamwedwa okha amatha kuyambitsa kukwera, n'chifukwa chake dokotala ayenera kuuzidwa za nyengo zonse za kusagona ndi kuthamanga maganizo, ngakhale zomwe munthu ankaziona ngati masiku ake abwino. Valproate, yemwenso ndi mankhwala a bipolar, ndi woopsa kwa mwana wosabadwa, choncho mayi yemwe angathe kutenga pakati akambirane za ena.

Choopsa kuposa zonse ndi kusiya mwadzidzidzi pofuna kubweza moto uja kuti ntchito ithe. Lithium akasiyidwa kamodzin'kamodzi, kukwera kumabwerera msanga, ndipo chiopsezo cha kudzipha chimakwera m'miyezi yotsatira. Ngati pali chifukwa chosiyira, amachepetsedwa pang'onopang'ono kwa masabata osachepera anayi, kawirikawiri mpaka miyezi itatu, dokotala akuyang'anira. Polankhula ndi dokotala, mawu oti "sindikumva bwino" sathandiza kwenikweni. Nenani chenicheni: mawu akuchedwa kubwera, dzanja likunjenjemera pa mizere yopyapyala, pakamwa pakuuma poyimba, m'mawa wonse ukuthera m'tulo. Lililonse mwa amenewa lili ndi yankho lake.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, tulo ndiye mlonda wamkulu. Kusagona si chizindikiro chabe cha kukwera, kumakuyambitsanso, ndipo usiku umodzi kapena uwiri wochezera ntchito ungakwane kugwetsa munthu yemwe ali ndi bipolar. Kope laling'ono lolembamo zinthu zitatu madzulo aliwonse, maola omwe mwagona, momwe mukumvera pa muyezo wa 1 mpaka 10, ndi ntchito yomwe mwamaliza, pakatha miyezi itatu limaonetsa zoona zomwe kukumbukira kumabisa. Ambiri amadabwa kupeza kuti masamba omwe anapulumuka pa kupeta analembedwa m'masabata a pakatikati. Dzukani ola lomwelo tsiku lililonse, ngakhale mutachedwa kugona. Zomwe mwapanga mutakwera musazitumize kwa aliyense mpaka patatha masabata awiri, ndipo zomwe mwaziweruza mutatsika musazing'ambe kapena kuzifufuta mu kompyuta. Zipatseni munthu wokhulupirika akusungireni. Pogwira nkhani yopweteka, dziikireni malire a nthawi, monga ola limodzi masana osati usiku, ndipo mukaona kuti maloto oopsa abwerera kapena chochitikacho chikukubwererani ngati chikuchitika tsopano, imani kaye mukaonane ndi mlangizi wa za maganizo.

Mugwirizane pasadakhale ndi munthu mmodzi wapafupi za zizindikiro zomwe akaziona ayenera kulankhula, pakuti wokwera sadziona kuti wakwera. Kugona maola osakwana anayi kwa masiku atatu osatopa, kulankhula mosalekeza, kuwononga ndalama mosadziletsa kapena kumva mawu omwe ena sakuwamva ndi zofunika dokotala sabata yomweyo. Munthu akayamba kugawa zida zake zogwirira ntchito, kutsanzika, kulemba za imfa yake ngati chinthu chokonzedwa kale, kapena akakhala phee mwadzidzidzi pambuyo pa miyezi ya mdima, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikudzala ganizolo m'mutu mwake. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani mankhwala ndi zida zoopsa pafupi naye, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.